Kunsi kwa mbale ndi kuseri kwa wotchi

Munthu wokonda zinthu zakale savuta kumuzindikira. Mukamupatsa mbale yokongola, sayamba n'kuyamikira maluwa ojambulidwa pamwamba ayi, amaitembenuza kaye n'kuyang'ana kunsi. Akaona kabati amasolola dirowa mpaka kuitulutsiratu, n'kumasisita m'mbali mwake ndi chala. Wotchi yapakhoma amafuna aitsegule kumbuyo. Ine ndili m'gulu la anthu amenewa. Zimene ndimasonkhanitsa kwambiri ndi mawotchi owayinda ndi kiyi, ndiye pali mbale zingapo ndi makina osokera a Singer amene anali a agogo anga aakazi. Anthu akamandifunsa chimene ndimapezamo, ambiri amakhala ali nawo kale mayankho: kuti ndi njira yosungira ndalama, kapena kuti n'kudzionetsera chabe. Zonse ziwirizi zilipodi pakati pathu, sindingakane. Koma sizifotokoza chimene chimathamangitsira munthu kunsi kwa mbale, kumene mlendo sadzayang'anako n'komwe.

Kunsiko n'kumene kumapezeka munthu amene anapanga chinthucho. Pamwamba mmisiri amasalaza, kupaka vanishi ndi kupukuta mpaka dzanja lake lisaonekenso. Kuseri sankavutika kubisa kanthu. Pa dirowa yakale, yang'anani pakona pamene matabwa awiri analowana ngati mano. Ngati manowo anadulidwa pamanja, sakhala ofanana: lina limakula pang'ono, lina limapendekeka, ndipo kawirikawiri mumaona kamzere kopyapyala kamene kalipentala analemba ndi nsonga ya chitsulo kuti macheka asapitirire. Makina odula mano oterewa atafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mano onse anayamba kutuluka ofanana ndendende, ndipo kamzere kaja kanasowa. Tebulo lozungulira limene lakhala zaka zambiri mukaliyeza mbali ziwiri mupeza kuti silinazungulire bwinobwino, chifukwa thabwa likamauma limafota m'lifupi kuposa m'litali. Tambula kapena botolo louzira pakamwa limakhala ndi kachipsera kunsi, pamene mmisiri anathyola chitsulo chimene anagwirira galasi lidakali lamoto. Kachipsera kameneko ndikakakhudza ndimadziwa kuti panali munthu ataima pafupi ndi ng'anjo, thukuta lili kamukamu, ndipo anamenya kamodzi kokha kuti botolo limasuke osasweka.

Mawotchi ndiye amanena zambiri kuposa zonsezi, n'chifukwa chake mtima wanga unakhazikika pa iwo. Wotchi yoyendera kachitsulo kolendewera, kopita uku ndi uku, inayamba ndi Christiaan Huygens wa ku Netherlands mu 1656, ndipo kayendedwe kake sikanasinthe kwenikweni kwa zaka mazana atatu. Sipuling'i kapena chitsulo cholemera chimakoka magiya, magiyawo amafuna kuthamanga, koma kachitsulo kolendewera kaja kamawalola kudutsa dzino limodzi basi pa ulendo uliwonse. Kulira kuja timamva ndi dzino likumasulidwa, lina likugwidwa. Palibe chobisika. Ukatsegula kumbuyo umaona chilichonse chikugwira ntchito yake, ndipo ukaleza mtima ukhoza kulondola ndi maso kuchokera pa sipuling'i mpaka pa muvi wa mphindi. Zipangizo zambiri za masiku ano ukazitsegula umangopeza kabolodi kobiriwira kamene sikakuuza kanthu.

Koma chimene chimandikoka koposa si magiya. Okonza mawotchi anali ndi chizolowezi chosiya chizindikiro akamaliza ntchito: zilembo zoyamba za dzina ndi chaka, zolembedwa ndi pensulo m'kati mwa bokosi kapena zokandidwa ndi singano pa mkuwa. Ina mwa mawotchi anga ili ndi zizindikiro zoterezi za anthu osiyanasiyana, wina wa zilembo zopendekeka zosamalika, wina wolemba mothamanga. Anthu amenewa sanadziwane. Mwina wina anabadwa mnzake atamwalira kale. Komabe aliyense anachotsa magiya omwewo, kuwatsuka, kudontheza mafuta m'timabowo tomweto, n'kuona ntchito ya amene anamutsogolera. Pali malo ena pamene wina anaikapo kachitsulo kosakhala ka fakitale, anachita kusula yekha, ndipo kakugwirabe ntchito. Loweruka lililonse ndikamawayinda wotchi imeneyi (ndi ya masiku 8, ndiye imafuna kiyi kamodzi pa sabata) ndimadziwa kuti ndikupitiriza ntchito imene anthu ambiri anaigwira ine ndisanabadwe, ndipo ikhoza kuima pa ine ngati nditanyozera.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse kwa ine. Chinthu sichifika zaka 100, zimene malamulo a kasitomu m'mayiko ambiri amawerengera kuti chikhale chamakedzana, chifukwa cha mwayi wokha. Zinzake zambirimbiri zinasweka, zinapsa, zinafumbwa, zinasungunulidwa kapena kutayidwa kudzala. Chimene chatsala chatsala chifukwa pa msamuko uliwonse, pa maliro alionse, pa nthawi iliyonse imene mafashoni anasintha, panapezeka munthu amene anati, “Ichi chokha ayi, tisataye.” Ndili ndi mbale ina yoyera ya maluwa abuluu imene inasweka pakati kalekale, ndipo anailumikiza ndi timawaya tachitsulo. Guluu wamphamvu asanabwere, panali amisiri a ntchito imeneyi: ankaboola timabowo kunsi kwa mbale mbali zonse ziwiri za mng'alu, mosamala kuti asatulukire pamwamba, n'kulowetsamo timawaya tokoka zidutswazo pamodzi. Ogulitsa ambiri amaiona mbale yotere ngati yowonongeka. Kwa ine ndi yamtengo kuposa zinzake zosasweka, chifukwa timawayato ndi umboni woti wina anaikonda mpaka kulipira mmisiri m'malo mogula ina.

Anthu ambiri amayamba kusonkhanitsa zinthu pambuyo pa imfa, ngakhale kuti si onse amene amazindikira kugwirizana kwake. Sigmund Freud, dokotala wotchuka wa za maganizo a munthu, anayamba kugula tiziboliboli takale ta ku Egypt, Greece ndi Rome bambo ake atangomwalira mu 1896, ndipo pofika kumapeto kwa moyo wake anali ndi zinthu zoposa 2,000. Anazindandalika pa desiki yake zitayang'ana kwa iye. Pothawa chipani cha Nazi ku Vienna mu 1938, ali wokalamba komanso akudwala khansa, nkhawa yake ina yaikulu inali yoti zinthuzi zituluke nawo, ndipo zinafikadi ku London, kumene zili mpaka lero m'nyumba imene anamwaliriramo mu 1939. Munthu wothamangitsidwa kwawo, bwanji ankadera nkhawa timafano tamkuwa? Ndikuganiza kuti ndikumvetsa. Zinthu zimene wazizolowera zikaikidwa m'malo mwake momwe zinkakhalira, chipinda chachilendo chimayamba kukulandira.

Makina a agogo anga ndi amene anandiphunzitsa zimenezi. Makina akale a Singer ali ndi nambala yodindidwa pa chitsulo chapansi, ndipo nambalayo imakuuza chaka ndi fakitale. Ambiri anachokera ku Clydebank ku Scotland, fakitale imene inatsekedwa mu 1980. Zimenezo n'zosangalatsa kudziwa, koma ine ndimayang'ana kwina. Maluwa agolide amene anajambulidwa pa chitsulo chakudacho anafufutika pamalo amodzi okha, pamene nsalu inkadutsa ndi pamene dzanja lamanzere linkatsamira. Chithunzi cha agogo chimandionetsa nkhope yawo. Malo ofufutikawo amandionetsa mmene ankakhalira pa mpando, ndiponso kuchuluka kwa maola amene anathera pamenepo. Ndikaika dzanja langa pamalopo limakwana.

Sindikufuna kuti zimveke ngati osonkhanitsa onse ndi anthu a mtima wofewa. Dyera liliponso, ndipo lakhalapo kuyambira kale. Augustus, mfumu ya ku Saxony ndi Poland, anatengeka kwambiri ndi ziwiya za porcelain (dothi loyera losalala) za ku China moti mu 1717 anapereka asilikali 600 okwera pa akavalo kwa mfumu ya ku Prussia posinthana ndi ziwiya 151. Anthu amoyo, okhala ndi mabanja awo, kusinthanitsidwa ndi mitsuko. Ina mwa mitsukoyo ikuonetsedwabe ku Dresden. Augustus yemweyu anasunga Johann Friedrich Böttger, katswiri wosakaniza mankhwala, ngati mkaidi mpaka chinsinsi cha kapangidwe ka porcelain chinapezeka, ndipo fakitale ya ziwiyazi ya ku Meissen inatsegulidwa mu 1710; chizindikiro chake cha malupanga awiri opingasa, chimene osonkhanitsa amachifufuza kunsi kwa makapu, chinayambira m'mbiri yotereyi. Hans Sloane, amene zinthu zake pafupifupi 71,000 zinakhala chiyambi cha nyumba yosungiramo zinthu zakale ya British Museum mu 1753, chuma chake china chinachokera ku minda ya nzimbe ya ku Jamaica yolimidwa ndi akapolo. Njala yofuna kukhala nacho chinthu, kuti chikhale chako osati cha mnzako, ndimaidziwa chifukwa imabwera kwa aliyense amene anakhalapo pa okishoni n'kuona dzanja la wina likukwera. Pamenepo chinthucho umakhala wasiya kuchiona, ukungoona mnzakoyo.

N'chifukwa chake funso loti chinthu chinachokera kuti silingazembedwe. Mu 1897 asilikali a Britain anatentha mzinda wa Benin, m'dziko limene lero ndi Nigeria, n'kutenga ziboliboli ndi zosemasema zamkuwa masauzande. Zambiri zinagulitsidwa, ndipo zina zinakathera pa mashelefu a m'nyumba za anthu wamba, kumene zinkapukutidwa fumbi ngati zokongoletsera zina zilizonse. Dziko la Germany linavomera mu 2022 kubweza umwini wa zoposa 1,000 kwa Nigeria. Pangano la UNESCO la 1970 linakhazikitsidwa pofuna kuletsa malonda a zinthu zachikhalidwe zozembetsedwa, ndipo malonda a minyanga ya njovu pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 ndi CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera. Ine lamulo langa ndi lalifupi. Chinthu chimene chikuoneka kuti chinachotsedwa pamanda, pakachisi kapena pamalo opembedzera sindichigula, ngakhale chikongole chotani, ndipo za minyanga sindizikhudza n'komwe. Ngati ndimakonda zinthu zakale chifukwa cha anthu amene anazigwira, sindingatseke maso pa munthu amene anachita kulandidwa.

Za ndalama ndinena mwachidule. Nkhani za munthu amene anapeza mtsuko m'chipinda chosungiramo katundu n'kulemera nawo zimafala chifukwa choti sizichitikachitika. Mipando ndi makabati akuluakulu a matabwa oderako, amene makolo ambiri ku Europe ndi America ankawatenga ngati chuma chosiyira ana, anatsika mtengo kwambiri m'zaka zapitazi chifukwa achinyamata akukhala m'nyumba zing'onozing'ono ndipo sakuwafuna. Tilinso ndi vuto lina m'mitu mwathu. Mu 1990 Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anagawira makapu kwa ophunzira ena, ena ayi. Opatsidwawo, pogulitsa, ankafuna ndalama pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene anzawo anali okonzeka kulipira. Kapu wamba, yongoigwira mphindi zochepa. Nanga wotchi imene wakhala nayo zaka, mtengo wake ungaunene moona? Wofuna phindu akafune kwina.

Nanga zokongoletsera zimene si zakale: tinyama tagalasi, timbale ta pakhoma, timiyala ndi zigoba zotola paulendo, kachidole kopatsidwa ndi mwana? Osonkhanitsa zamakedzana ena amazinyoza, ndipo ine sindigwirizana nawo. Palibe munthu amene amakhala m'chipinda nthawi yaitali osaikamo kanthu kopanda ntchito. Ngakhale wa pa bedi la m'chipatala, ngakhale wogona m'chipinda cha lendi cha miyezi yochepa, amapeza kenakake koika pawindo. Bedi ndi mpando zimangonena kuti muno mumagona munthu. Kanthu kopanda ntchito kaja ndi kamene kamanena kuti munthuyo ndi ndani. Ndipo mukamufunsa mwini wake, amakuuzani tsiku, malo ndi munthu amene anali naye. Shelefu yotere ndimailemekeza mofanana ndi kabati yodzaza siliva.

Zimene zimandiwawa ndi zina: zinthu zatsopano zochita kukalambitsidwa ku fakitale. Amatenga kabati yopangidwa mwezi watha, kuimenya ndi tcheni, kuiboola timabowo kuti ioneke yofumbwa, kupala penti m'makona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukayang'anitsitsa bodza lake limaonekera, chifukwa kutha kwenikweni kumatsata thupi la munthu. Mpando umatha pamene manja amagwira ndi pamene zidendene zimagunda, osati paliponse mofanana. Timabowo ta tizilombo timakhotakhota m'kati mwa thabwa, pamene toboola ndi chitsulo timalowa mowongoka. Ndilibe nazo vuto zinthu zatsopano zotengera kapangidwe kakale, bola zinene zoona. Ndipotu kutengerana n'kwakale: amisiri a ku Delft ku Netherlands ankatsanzira mbale zabuluu za ku China, ndipo chithunzi chotchuka chija cha mtengo, mlatho ndi mbalame ziwiri, chimene ambiri amachiyesa cha ku China, chinapekedwa ku England cha m'ma 1790. Koma kupeka zipsera n'kunamizira anthu amene sanakhaleko.

Mwamwayi, zinthu zambiri zimanena zokha zaka zake kwa wodziwa kuwerenga. Siliva wa ku England wakhala akudindidwa chizindikiro kuyambira lamulo la 1300, ndipo kuyambira 1478 anawonjezera chilembo chosonyeza chaka. Pa zizindikirozi, kamkango koyenda kamatanthauza kuti m'magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva weniweni. Nangula amasonyeza kuti anayesedwa ku Birmingham. Sipuni yaing'ono ikhoza kukuuza mzinda, chaka ndi mmisiri pa kamalo kosakwana chikhadabo. Pa mbale, dzina la dziko likalembedwa kunsi, kawirikawiri ndiye kuti inapangidwa pambuyo pa 1890, chaka chimene America inalamula kuti katundu wolowa m'dzikomo azisonyeza kumene wachokera. Kuphunzira zoterezi n'kokoma pakokha, ndipo ndaona kuti kumasintha maso a munthu. Umayamba kuona mahinjesi a zitseko, misomali, kalukidwe ka mpando, zinthu zimene unkazidutsa moyo wako wonse.

Vuto limene timakangana kwambiri tokhatokha ndi la kukonza. Wina akapeza chotengera chamkuwa chodera, dzanja limamuyabwa kuti achikweche mpaka chiwale. Wina amapala tebulo ndi sandipepa kuti lioneke latsopano. Zikatero zaka zonse zija zimachoka m'masana amodzi, ndipo sizibwereranso. Ine ndimatsata njira iyi: chimene chikuwononga chinthucho, monga dzimbiri lodya chitsulo, tizilombo kapena chinyontho, ndimachichotsa, chimene changosonyeza kuti chinthucho chinagwiritsidwa ntchito ndimachisiya. Wotchi iyenera kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta, apo ayi magiya amadyana. Koma nkhope yake yachikasu siifunika kupentedwanso. Chenjezo limodzi lokha kwa oyamba kumene: mawotchi ena akale okhala ndi manambala owala mumdima anapakidwa penti wa radium, amene ankagwiritsidwa ntchito mpaka zaka za m'ma 1960. Oterowo musamawapale kapena kuwatsegula mwachisawawa, fumbi lake ndi loopsa.

Ndipo ndimakhulupirira kuti zinthu zizigwira ntchito. Wotchi yosayenda imandimvetsa chisoni. Makina a agogo ndimasokerabe, ndipo amaboola nsalu yokhuthala mosavuta. Munthu akafika poti katundu ali m'makatoni osatsegulidwa, sakukumbukanso zimene ali nazo, pamenepo chikondi chatha, kwatsala kuunjika.

Funso limene aliyense wa ife amalipewa ndi la tsogolo la zinthuzi mwini wake akadzapita. John Soane, katswiri wa zomangamanga wa ku London, anafika popempha Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1833 inakhazikitsa lamulo loti nyumba yake ndi zonse za m'katimo zidzasungidwe momwe adzazisiyire. Anamwalira mu 1837, ndipo mpaka lero anthu amalowamo n'kuona ziboliboli zitadzaza makoma kufika kudenga. Ambirife sitidzakhala ndi mwayi umenewo, ndipo sindikuganiza kuti tikuufunikira. Zinthu zathu zidzabalalika, zina kwa ana, zina kwa ogula osawadziwa, monga momwe zinabalalikira kuti zifike kwa ife. Chimene chimatayika pa kubalalikako si chinthucho, koma nkhani yake. Ndagulapo zinthu zambiri zimene wogulitsa sanathe kundiuza kalikonse za eni ake, ndipo nthawi zonse ndimamva kuti ndalandira theka.

Nkhawa imeneyi si ya lero. Mu 1925, Leonard Woolley akufukula mzinda wakale wa Ur ku Iraq, anapeza chipinda cha Ennigaldi-Nanna, mwana wamkazi wa Nabonidus, mfumu yomaliza ya Babulo. M'chipindamo, cha m'ma 530 BC, munali zinthu zimene pa nthawiyo zinali kale ndi zaka mazana ambiri, zina zoposa 1,000, zitasungidwa pamodzi, ndipo panali dongo lolembedwa lofotokoza kumene chinthu chinapezeka. Choncho ngakhale kalelo, wosonkhanitsa anaona kuti kusunga kokha sikukwanira, pafunikanso kulemba.

Ine ndimalemba pa timapepala tolimba, ndi pensulo chifukwa inki imafufutika ndipo imatha kudetsa thabwa. Ndimalembapo chimene chinthucho chili, zaka zake monga ndikudziwira, kumene ndinachipeza, zimene wogulitsa ananena, ndi chilichonse chimene ndakonza. Pamene ndikungoganizira ndimalemba kuti ndikuganizira, kuti wodzabwera asadzatenge maganizo anga ngati umboni. Kapepala ka wotchi kamalowa m'bokosi lake, ka mbale kamakhala m'kaundula pamodzi ndi chithunzi, popeza guluu ndi tepi zimawononga. Ka makina osokera ndi kamene kanatalika kuposa tonse, mpaka ndinachita kupempha azakhali anga kuti andiuze zimene akukumbuka: zovala zimene zinasokedwapo, ndi ndani anaphunzirirapo kusoka, ndiponso kuti lamba wake anaduka liti. Anandiuza zambiri zimene sindinkazidziwa, ndipo tinagwirizana kuti ulendo wina adzabwera ndi zithunzi kuti tidzalembe mayina a anthu onse amene alimo.